Agogo anafera m'ngalande pa nkhondo ya Ajeremani: mbiri yawo ndingaipeze kuti?

Funso: Ndimakhala ku Chilenje muno mu Lusaka, koma kwathu ndi ku Katete. Amayi anga asanamwalire ankatiuza kuti agogo awo aamuna anatengedwa kupita ku nkhondo ya Ajeremani ndipo sanabwerere. Mnzawo amene anabwerako ndiye anadzanena kumudzi kuti anafera m'ngalande zimene asilikali ankabisalamo. Ana anga akuti ngalande zoterozo zinali ku France. Ndalemba dzina lawo pa intaneti koma palibe chimene chikutuluka. Kodi ndiyambire pati kuti ndidziwe gulu limene analimo, kumene anafera ndi kumene anaikidwa?

Yankho: Amayi, ndikuuzeni mosabisa kuyambira pachiyambi kuti manda enieni a agogo anuwo n'kovuta kwambiri kuti muwapeze, chifukwa anthu akuda ambiri amene anafa pa nkhondo imeneyo anaikidwa popanda chizindikiro chokhalitsa. Koma gulu limene analimo, dera limene anafera, mwinanso mwezi kapena tsiku lenilenilo, zimenezi zikhoza kupezeka ngati mufufuza mwadongosolo. Kusatuluka kwa dzina lawo pa intaneti sikukutanthauza kuti amayi anu ananena zabodza. Kukungosonyeza mmene boma la atsamunda linkalembera anthu athu.

Choyamba titsimikize kuti ndi nkhondo iti, pakuti akuluakulu ankati "nkhondo ya Ajeremani" ponena zonse ziwiri, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945. Werengani mibadwo. Ngati amayi anu anabadwa cha m'ma 1940, agogo awo ayenera kuti anabadwa cha m'ma 1880 kapena 1890, ndipo munthu wa msinkhu umenewo ndi wa nkhondo yoyamba. Nkhondo yachiwiri ili ndi zizindikiro zake: nkhani ya kumudzi ikamatchula sitima ya panyanja yaikulu, Ataliyana, Ajapani, Somaliland, Abyssinia kapena Burma, ndiye kuti munthuyo anali mu Northern Rhodesia Regiment, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1933, ndipo mayina a makampu monga Arakan muno mu Lusaka, Tug Argan ku Ndola ndi Gondar ku Chipata akukumbutsa malo amene asilikali a ku Africa kuno anakamenyako. Mayina a asilikali a nkhondo yachiwiri analembedwa bwinoko ndipo sachedwa kupezeka. Malinga ndi zimene mwafotokoza, ine ndikuona kuti yanu ndi nkhondo yoyamba, ndipo ndi imene ndikhalepo.

Ana anu sanalakwe ponena kuti ngalande zotchuka zinali ku France ndi ku Belgium, koma asilikali akuda olembedwa ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland sanatumizidwe kukamenya kumeneko. Anthu akuda a kum'mwera kuno amene anafika ku France anali a gulu la antchito la ku South Africa, amene ankatsitsa katundu m'madoko ndi kudula mitengo, ndipo sankaloledwa kugwira mfuti. Nkhondo ya makolo athu inali ya m'malire a kumpoto ndi ya mu German East Africa, dziko limene mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania, kenaka inalowa mu Mozambique, n'kudzathera m'dziko lathu lino. Ndipo ngalande zinaliko. Boma la Abercorn, limene lero ndi Mbala, Ajeremani analiukira mu September 1914. Mu 1915 asilikali a Northern Rhodesia Police pamodzi ndi asilikali a ku Congo olamulidwa ndi Abelijiyamu anakumba ngalande kuzungulira linga la pa mtsinje wa Saisi pafupi ndi malire, ndipo kuyambira pa 26 July mpaka kumayambiriro kwa August anazingidwa m'menemo, mizinga ikuwagwera, madzi akumwa akuwatunga usiku wokhawokha chifukwa masana njira ya kumtsinje inali pamaso pa mfuti za adani. Mu December 1916, ku Kibata m'mapiri a Matumbi kumtunda kwa Kilwa, asilikali a King's African Rifles, amene kwathu timawatcha Akeyala, anakhala masabata m'ngalande zodzaza matope nthawi ya dzinja, adani ali pafupi kwambiri, akuwomberedwa ndi mzinga waukulu umene Ajeremani anachotsa m'sitima yawo yankhondo ya Königsberg itamizidwa pa mathiriro a Rufiji mu 1915. Ku Narungombe mu July 1917 ndi ku Mahiwa mu October 1917 asilikali anatumizidwa kukathyola mizere ya ngalande yotetezedwa ndi mfuti za chiwaya, ndipo anafa ambiri zedi. Choncho mawu a mnzawo wa agogo anu muwagwire ndi manja awiri, chifukwa akugwirizana ndi nkhondo imene inachitikadi.

Funso lalikulu kuposa onse, limene lidzatsegula kapena kutseka makomo ena onse, ndi lakuti kodi agogowo anali msilikali kapena wamtengatenga. Munthu wa dera lanu akanatha kulowa m'nkhondoyo m'njira zinayi. Akanatha kukhala mu Northern Rhodesia Police, imene inali ndi nthambi ya usilikali ndipo likulu lake linali ku Livingstone. Akanatha kulowa Chikeyala, chimene likulu lake la kuno linali ku Zomba, pakuti malire a Fort Jameson (lero Chipata) ndi Nyasaland sankaletsa munthu kuwoloka. Ngati anali atapita kale kukagwira ntchito ku migodi kapena ku mafamu a ku Southern Rhodesia, akanatha kulembedwa mu Rhodesia Native Regiment, gulu limene linapangidwa mu 1916 ndipo ambiri mwa anthu ake anali alendo ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. Gulu limeneli linazingidwanso m'ngalande ku Songea ndi ku Kitanda. Njira yachinayi, imene inameza anthu ochuluka kuposa zina zonse pamodzi, inali ya mtengatenga. Kashembe ankapha ng'ombe, mahatchi ndi abulu, misewu ya galimoto inali yochepa, ndipo kuchokera pa njanji ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, kukafika ku Abercorn panali ulendo wa makilomita oposa 800, kotero ufa, zipolopolo ndi mankhwala zonse zinayenda pamitu ya anthu, zina m'mabwato kudzera m'madambo a Bangweulu. Ku Nyasaland kokha akatswiri a mbiri amawerengera amtengatenga pafupifupi 200,000. Mawu amene amayi anu anagwiritsa ntchito, akuti "anatengedwa", akundipangitsa kuganiza za gulu limeneli, chifukwa amtengatenga ambiri ankagwidwa kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma. Komabe musafulumire kugamula, popeza amtengatenga ena ankasenza mfuti za chiwaya ndi zipolopolo zake mpaka m'ngalande momwemo, ena ankanyamula ovulala pamachira, ndipo anafa imfa yomweyo ya asilikali.

Yankho la funso limeneli lili kumudzi, osati m'kompyuta. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: musanalipire aliyense kapena kulembera kalata ku London, pitani ku Katete mukakhale pansi ndi okalamba onse a mbumba yanu, makamaka amalume ndi azakhali, ndipo mukafunse aliyense payekha kuti wina asatengere mawu a mnzake. Jambulani mawu awo pa foni atakulolani. Musawafunse kuti "anafera kuti", chifukwa adzangoti kunkhondo. Afunseni ngati anapita yekha mwa kufuna kwake kapena anagwidwa, ngati anachokera pamudzi kapena kuntchito, ngati anabwerako pa tchuthi atavala yunifolomu, ngati boma linatumiza ndalama kapena katundu wake kwa mkazi wake, ndiponso kuti anasiya mwana uti ali m'mimba kapena kumsana, pakuti zaka za mwanayo zidzakupatsani chaka chimene anachoka. Funsaninso dzina la mnzawo amene anabweretsa uthenga uja. Mfundo imeneyi anthu ambiri amainyalanyaza, koma ndi yamtengo wapatali: munthu amene anapulumuka amasiya zolemba zambiri kuposa amene anafa, ndipo ngati adzukulu ake akusungabe mendulo yake, mwapeza gulu la agogo anu. Mamendulo a Britain a nkhondo yoyamba anadindidwa dzina, nambala ndi gulu la mwini wake m'mbali mwake kapena kumsana, mosiyana ndi ambiri a nkhondo yachiwiri amene anaperekedwa opanda dzina.

Tsopano za dzina, pamene ndikukhulupirira kuti kufufuza kwanu kwa pa intaneti kunagwera. Dzina limene mukuwadziwira agogo anu mwina si limene anapatsa kalaliki wa boma. Mwamuna wa nthawi imeneyo ankakhala ndi dzina la ubwana, dzina la kudambwe kapena la ubatizo, ndi dzina la kuntchito limene nthawi zina ankadzipatsa yekha. Chiwongo monga Phiri, Banda, Mwale kapena Tembo kawirikawiri sichinkalembedwa, ndipo msilikali ankalowa m'kaundula ndi dzina limodzi lokha ndi nambala, kapena dzina lake lotsatiridwa ndi la bambo wake. Olembawo ankalemba mmene khutu lawo lamvera, kotero l ndi r zimasinthana, ch amasanduka c kapena tch, ndipo m kapena n wa kumayambiriro amatha kusowa. Lembani papepala mayina onse amene okalamba akumbukire, ndipo lililonse mulilembe m'njira zitatu kapena zinayi. Pambali pake lembani dzina la nyakwawa ya nthawi imeneyo ndi la mfumu yaikulu, kaya Kawaza kapena Mbang'ombe, chifukwa boma linkazindikira munthu ndi mudzi wake ndi mfumu yake pa nkhani ya msonkho. Kumbukirani kuti dera lanu linkalamulidwa kuchokera ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 pamene boma linapatula malo okhala anthu akuda m'dera la kampani ya North Charterland, choncho pamene mudzi uli lero si pamene unali mu 1916.

Mukakhala ndi mayinawo bwererani pa intaneti, ku kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda ndi mayina a anthu a mbali ya Britain amene anafa pa nkhondo ziwirizi. Aliyense amafufuzamo kwaulere. Musalembe chiwongo, lembani dzina limodzi lokha, kenaka sankhani gulu, ndipo ngati palibe chotuluka, siyani malo a dzina opanda kanthu muwerenge mndandanda wonse wa gululo kapena wa chipilala chimodzi. Bungweli limawerengera imfa zochitika kuyambira pa 4 August 1914 mpaka pa 31 August 1921. Zipilala zimene zikukukhudzani ndi zitatu. Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli nsanja yokhala ndi mayina a Akeyala amene anafa. Ku Livingstone kuli chikumbutso cha a Northern Rhodesia Police. Ku Mbala kuli chipilala cha amtengatenga 1,467 a ku Northern Rhodesia, koma mayina olembedwapo ndi mazana ochepa chabe, enawo anangowerengedwa. Chipilala cha pa Independence Avenue muno mu Lusaka, pamene pamachitikira mwambo wa chikumbutso mwezi wa November, ndi malo olemekezera akufa, koma si pamene mungayambire kufufuza.

Kusowa kwa mayinaku sikunali ngozi, ndipo nkhaniyi imandipweteka nthawi zonse ndikamaifotokoza. Bungwe la manda linakhazikitsidwa mu 1917 ndi lonjezo lakuti wakufa aliyense adzakumbukiridwa ndi dzina lake mosayang'ana udindo kapena mtundu, koma ku Africa kuno lonjezolo silinasungidwe. Akuluakulu a atsamunda anagamula kuti anthu akuda ambiri angokumbukiridwa pa zipilala za onse pamodzi, ndipo manda awo ambiri anasiyidwa kuti abwerere kutchire pamene mitembo ya azungu inkafukulidwa n'kusonkhanitsidwa m'manda osamalidwa. Lipoti limene bungwelo linatulutsa mu April 2021 linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo nduna ya chitetezo ya Britain ya nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Chiyambire pamenepo bungweli likufufuza mayina otayikawo, ndipo mu January 2025 linatsegula chikumbutso ku Cape Town chokhala ndi mayina oposa 1,700 a antchito akuda a ku South Africa amene kale sankatchulidwa paliponse. Ndiye kaundulayo muzibwererako, chifukwa akuwonjezeredwa.

Mwayi wanu ndi wakuti mumakhala mu Lusaka, pamene National Archives of Zambia ili pa Government Road ku Ridgeway, ulendo waufupi kuchokera ku Chilenje. Tengani NRC yanu, pensulo ndi kope, ndipo mukafika pemphani District Notebook ya Fort Jameson. Limeneli ndi buku limene abwanamkubwa a boma ankalembamo za mafumu, midzi, msonkho, njala, miliri ndi zochitika zazikulu za dera lawo, wina akachoka wina n'kupitiriza. Pemphaninso malipoti a pachaka a East Luangwa District a zaka za 1915 mpaka 1919, ndi makalata okhudza kulemba anthu a mtengatenga ndi malipiro a akufa. Musayembekezere kuti tsamba loyamba lidzakhala ndi dzina la agogo anu. Chimene mudzapeze kawirikawiri ndi chiwerengero cha amuna amene anatengedwa m'dera la mfumu yakutiyakuti, mwezi umene ananyamuka ndi kumene anawatumiza, ndipo zimenezo n'zokwanira kukulozerani gulu la nkhondo limene anakatumikira. Dziko lino linali m'manja mwa British South Africa Company mpaka 1924, kotero zolemba zina za nthawi ya nkhondo, pamodzi ndi za Rhodesia Native Regiment, zili ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, pamene za Akeyala muyenera kuzifunsa ku National Archives of Malawi ku Zomba.

Musaiwale amishoni, amene nthawi zina analemba mayina a anthu amene boma linangowawerenga. Mpingo wa Dutch Reformed unali ku Magwero kuyambira 1899, kenaka ku Madzimoyo ndi ku Nyanje; ansembe a White Fathers anali ku Kachebere, ndipo a Anglican anali ku Msoro. Ngati agogo anu anali mkhristu kapena wa m'kalasi, buku la mpingo likhoza kukhala ndi mawu achidule pambali pa dzina lawo osonyeza kuti anafera kunkhondo, kapena likhoza kusonyeza chaka chimene mkazi wawo analoledwa kukwatiwanso. Mabuku a tsiku ndi tsiku a White Fathers mukhoza kuwafunsa ku FENZA, malo a ansembewa osungirako mabuku cha ku Bauleni, ngakhale ambiri analembedwa m'Chifalansa ndipo mudzafunika wokuthandizani kuwerenga.

Za ku Britain zibwere pomalizira, mutadziwa kale gulu kapena nambala. Ku The National Archives ku Kew kuli makadi a mamendulo mu mndandanda wa WO 372, amene amafufuzika pa intaneti, makaundula a mamendulo mu WO 329, ndi mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu ankhondo mu WO 95, amene Angelezi amawatcha war diary. Buku lotereli muyenera kudziwa kawerengedwe kake kuti lisakukhumudwitseni. Msilikali wamkulu wachizungu akafa amalembedwa dzina, koma akuda amangolembedwa kuti afa angati ndipo avulala angati, amtengatenga n'kuikidwa pamzere wawo pansi. Phindu lake ndi lakuti limanena pamene gululo linali tsiku lililonse, nyengo, chakudya chimene chinatsala, ndi nthawi imene adani anaukira. Mukapeza tsiku la imfa m'kaundula wa manda kapena wa mamendulo, n'kulifananiza ndi tsamba la tsiku lomwelo m'bukuli, mudzadziwa phiri kapena mtsinje umene agogo anu anafera ndi zimene zinkachitika pa ola limenelo. Asilikali a ku Northern Rhodesia ndi ambiri a ku Nyasaland kuyambira 1916 anali pansi pa General Edward Northey, m'gulu lalikulu lotchedwa Nyasaland-Rhodesia Field Force, ndipo dzina limeneli lidzakuthandizani popempha mabukuwo. Buku la Melvin Page lotchedwa The Chiwaya War, lolembedwa kuchokera m'mawu a okalamba a ku Malawi amene anaiona nkhondoyo, lidzakuthandizani kumvetsa moyo umene zolemba za boma sizinena.

Konzekerani mtima kuti zimene mudzapeze zikhoza kusiyana ndi nkhani ya kumudzi. Pa nkhondo imeneyi matenda anapha anthu ambiri kuposa zipolopolo: kamwazi, malungo, chibayo cha m'mapiri ozizira a kum'mwera kwa Tanzania, ndi njala pamene mvula inadula njira za chakudya. Kumapeto kwa 1918 kunabweranso chimfine choopsa chimene chinapha asilikali ndi amtengatenga m'misasa, ena ali kale panjira yobwerera kwawo, nthawi yomwe mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi n'kukatula zida ku Abercorn pa 25 November. Munthu akanatha kuvulala m'ngalande n'kukafera m'chipatala cha m'tenti patapita masabata, kapena kudwala kamwazi ali m'ngalande momwemo, ndipo mnzake pobwera kumudzi n'kunena mwachidule kuti anafera m'ngalande. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Chimene ndikukuchenjezani kwambiri ndi kutenga dzina lofanana n'kulisandutsa agogo anu chifukwa mtima ukufuna yankho. Mayina monga Juma, Saidi, Jim kapena Tom amabwerezedwa kambirimbiri m'makaundula amenewa, choncho musavomereze dzina lililonse pokhapokha zinthu zina ziwiri zitagwirizana nalo, monga mudzi ndi chaka, kapena mfumu ndi gulu. Pachifukwa chomwecho, wina akakulonjezani kuti adzakupezerani manda mukamulipira, muyambe mwamupempha nambala ya fayilo imene adzawerenge.

Lembani gwero la chinthu chilichonse chimene mwapeza: dzina la wokalamba amene wakuuzani ndi tsiku lake, nambala ya fayilo ndi tsamba, ndi chithunzi cha tsambalo ngati akulolani kujambula. Zimenezi zidzafunika mukafika pa sitepe yomaliza. Ngati mwapeza chikalata cha nthawi imeneyo chosonyeza kuti agogo anu anatumikira ndipo anafa mkati mwa zaka zija, koma dzina lawo mulibe m'kaundula, Commonwealth War Graves Commission imalandira umboni wochokera kwa achibale ndi ofufuza, ndipo ukavomerezedwa dzinalo limalowetsedwa. Umboni wa pakamwa pawokha kawirikawiri sukwanira kuti dzina lilowe, koma muutumize limodzi ndi zikalatazo, chifukwa ndi umene umalumikiza dzina limodzi la m'kaundula ndi mudzi, mfumu ndi banja lanu. M'kalata yanu ikani mayina onse a agogowo m'kalembedwe kake kosiyanasiyana, mudzi ndi mfumu ya nthawi imeneyo, boma la Fort Jameson, gulu limene mukuliganizira ndi chifukwa chake, ndi dzina la mnzawo amene anabwerako.